Coupe yoyendera matayala akumbuyo

Coupe yoyendera matayala akumbuyo ndi galimoto ya zitseko ziwiri ndi denga lolimba lotsetsereka chakumbuyo, yomwe injini yake imatumiza mphamvu ku matayala awiri akumbuyo, pomwe akutsogolo amangowongolera. M'mabuku a opanga galimoto komanso m'malonda, kayendedwe kotereka amakalemba mwachidule kuti RWD. Galimotozi zimadula zikakhala zatsopano, koma zambiri zimatsika mtengo kwambiri zikatha zaka khumi kapena kuposerapo. Ena mwa omwe amazifuna pamsika wa galimoto zogwirapo kale ntchito ndi madalaivala achikulire omwe safunanso galimoto yonyamula banja lonse. Kwa munthu wotere, mtengo wogulira ndi gawo limodzi chabe la nkhani. Zofunikanso ndi kulowa ndi kutuluka mosavutika, kuona bwino msewu, ndi ndalama zoisamalira chaka ndi chaka.

Dzina ndi mbiri

Mawu akuti coupe amachokera ku mneni wa Chifalansa, couper, wotanthauza kudula. Poyamba linali dzina la ngolo yokokedwa ndi akavalo yomwe thupi lake linafupikitsidwa pochotsa mpando umodzi, kotero inkanyamula anthu awiri okha m'kati. Galimoto zitayamba kupangidwa, dzinali linasamukira ku galimoto zofupika za zitseko ziwiri.

Kuika injini kutsogolo ndi kuyendetsa matayala akumbuyo ndi njira yakale kwambiri. Kampani ya ku France ya Panhard et Levassor inayamba kupanga galimoto zotere mu 1891, ndipo kwa zaka zambiri pafupifupi opanga galimoto onse ankatsata njirayi. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono pomwe galimoto zoyendera matayala akutsogolo zinatchuka, monga Citroën Traction Avant ya 1934, Mini ya 1959 ndi Volkswagen Golf ya 1974. Galimoto zoterezi n'zotsika mtengo kupanga ndipo zimasiya malo ambiri m'kati. Pofika zaka za m'ma 1980, galimoto zambiri zazing'ono ndi zapakati zinali zitasamukira kumeneko, ndipo matayala akumbuyo anatsala makamaka kwa galimoto zapamwamba, zamasewera, malole ndi mapikiapu.

Si coupe iliyonse imayendera matayala akumbuyo. Honda Accord Coupe, Peugeot 406 Coupé ndi Toyota Celica zopangidwa kuyambira 1985 zimayendera akutsogolo, kupatula Celica GT-Four yomwe imayendera onse anayi.

Mmene imagwirira ntchito

Mphamvu ikachoka mu injini imalowa m'giyabokosi, kenako imadutsa mu shafuti yaitali yomwe ili kunsi kwa galimoto mpaka kukafika ku difu. Difu ndi yomwe imagawa mphamvuyo ku matayala awiri akumbuyo ndi kulola kuti tayala lakunja lizungulire mofulumira kuposa lam'kati pokhota.

Ubwino wa kapangidweka ndi wakuti kulemera kwa galimoto kumagawika bwino pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chiwongolero chimamveka chopepuka ndi chokhulupirika popeza matayala akutsogolo sakulimbana ndi mphamvu ya injini. Kuipa kwake kumaonekera pamsewu woterera. Pamvula, pamatope kapena pa chipale chofewa, dalaivala akaponda moto kwambiri pakona, kumbuyo kwa galimoto kukhoza kutsetsereka n'kutembenuka. Shafuti imachititsanso kuti pansi pa galimoto pakhale chitunda chodutsa pakati, chomwe chimachepetsa malo oika miyendo.

Vuto la kutsetserekali linachepa ndi makina a kompyuta omwe amaponda buleki ya tayala limodzi payokha galimoto ikayamba kutaya njira. Makinawa, omwe amadziwika kuti ESC kapena ESP, anayamba kuikidwa ndi Mercedes-Benz mothandizana ndi Bosch mu 1995. Ku United States anakhala okakamizidwa pa galimoto zatsopano kuyambira za chaka cha 2012, ndipo m'mayiko a European Union kuyambira Novembala 2014. Galimoto yopangidwa izi zisanachitike ikhoza kukhala nawo kapena ayi, malinga ndi mtundu wake.

Mitundu yopezeka pamsika

Coupe zogwirapo kale ntchito zikhoza kugawidwa pawiri. Gulu loyamba ndi la zomwe anazipangira ulendo wautali mofatsa, zokhala ndi mipando yofewa, giya ya otomatiki ndi phokoso lochepa. Gulu lachiwiri ndi la zamasewera, zomwe n'zotsika kwambiri, zolimba pamabampu ndiponso zopanikiza m'kati.

M'gulu loyamba muli Mercedes-Benz CLK, yomwe inatuluka mu 1997 ndipo inasinthidwa mu 2002. Ya m'badwo woyamba imadziwika ndi vuto la dzimbiri, pomwe yachiwiri ilibe chipilala pakati pa mawindo a m'mbali, zomwe zimathandiza dalaivala kuona bwino akacheuka. Mulinso Lexus SC, yomwe ku Japan inkagulitsidwa ndi dzina la Toyota Soarer. M'badwo wake wa 1991 mpaka 2000 unali ndi injini ya masilinda asanu ndi limodzi kapena ya V8 ya malita 4.0, ndipo imatamandidwa chifukwa chokhalitsa, ngakhale tsopano zonse n'zokalamba ndipo zipangizo zina za thupi lake n'zosowa. Jaguar XK8, yomwe inayamba mu 1996, ndi ya gulu lomweli, koma injini zake zoyambirira zinali ndi tizipangizo tapulasitiki tokunga tcheni ta m'kati, tomwe tikasweka timawononga injini.

Pakati pa magulu awiriwa pali BMW 3 Series. Coupe ya m'badwo wa E46 inapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2006, ndipo ya E92 kuyambira 2006 mpaka 2013. Amakaniko amaidziwa E46 ndi zipangizo zapulasitiki za njira ya madzi oziziritsa injini zomwe zimang'aluka zikakalamba, komanso kung'ambika kwa chitsulo cha pansi pomwe pamamangiriridwa ekiselo yakumbuyo. Infiniti G35 Coupe, yomwe ku Japan inkatchedwa Nissan Skyline, ili ndi injini ya V6 ya malita 3.5, mipando inayi, ndipo nthawi zambiri siivuta kusamalira ngati zinzake za ku Ulaya, koma imamwa mafuta ambiri.

M'gulu la zamasewera muli Nissan 350Z ya 2002, yomwe ili ndi mipando iwiri yokha, ndi Toyota 86 pamodzi ndi mnzake Subaru BRZ, zomwe zinatuluka mu 2012 ndi injini ya malita 2.0. Ziwirizi n'zatsopanoko ndipo zili ndi ESC, koma kutalika kwake kuchokera pansi kufika padenga ndi pafupifupi mamita 1.3 okha. Mazda RX-8, yopangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, imapezeka motchipa chifukwa injini yake yozungulira, yotchedwa Wankel, imamwa oyilo mwachibadwa, imatha msanga ikasamalidwa molakwika, ndipo amakaniko oidziwa ndi ochepa. Ford Mustang ya 2005 mpaka 2014 ndi yotakasuka m'kati ndipo ku America zipangizo zake sizisowa, koma fakitale inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero chakumanja ndi m'badwo wotsatira, wa 2015.

Dalaivala wachikulire

Munthu akamakula, mawondo, chiuno ndi msana zimayamba kuuma, khosi silicheuka ngati kale, ndipo maso amavutika ndi kuwala kwa usiku. Coupe imawonjezera zina mwa zovutazi. Mpando wake uli pafupi ndi pansi, kotero polowa munthu amachita kudzigwetsera, ndipo potuluka amayenera kudzikweza ndi miyendo ndi manja. Zitseko zake n'zazitali ndi zolemera kuposa za galimoto ya zitseko zinayi, ndipo pamalo oimikapo magalimoto opanikiza sizitseguka mokwanira. Lamba wa pampando amakhala kutali kumbuyo kwa phewa. Pofuna kuthetsa vutoli, CLK ya m'badwo wachiwiri ndi BMW E92 zili ndi kamkono kamagetsi komwe kamabweretsa lambayo pafupi dalaivala akatseka chitseko. Zenera lakumbuyo laling'ono ndi zipilala zikuluzikulu zimabisa zinthu pobwerera m'mbuyo, ngakhale kamera kapena masensa oikidwa pambuyo pake amathandiza.

Pa zifukwazi, coupe za gulu loyamba nthawi zambiri zimamuyenera munthu wachikulire kuposa zamasewera. Giya ya otomatiki imapumitsa mwendo wakumanzere pamalo othithikana magalimoto, ndipo mpando wosinthika msinkhu ndi chiwongolero chosunthika zimamulola kukhala mwa mtendere. Injini yaikulu si yofunikira kwenikweni, popeza yaing'ono ya mtundu womwewo imatsika mtengo pa mafuta, inshuwalansi ndi matayala.

Mayiko ena ali ndi malamulo okhudza msinkhu wa dalaivala. Ku Britain munthu akafika zaka 70 amakonzetsa laisensi yake, ndipo amabwereza zimenezi zaka zitatu zilizonse. Ku Japan wa zaka 75 kapena kuposerapo amayesedwa kakumbukidwe ndi kaganizidwe pokonzetsa laisensi.

Zoyang'ana pogula

Coupe yapamwamba ikatsika mtengo, zipangizo zake sizitsika nawo. Galimoto yogulidwa motchipa ikhoza kufuna ndalama zofanana ndi mtengo wake kuti giyabokosi kapena injini ikonzedwe. N'chifukwa chake mbiri ya kasamalidwe, yolembedwa m'buku la sevisi ndi m'malisiti, imanena zambiri kuposa makilomita omwe akuoneka pa dashibodi, omwe ogulitsa osakhulupirika amatha kuwabweza.

Makaniko wosakhala wa wogulitsa amayenera kuikweza galimotoyo ndi kuyang'ana dzimbiri kunsi, kudontha kwa oyilo pa injini, giyabokosi ndi difu, komanso mabushi ndi mashokabu. Poiyesa pamsewu, kulira kochokera kumbuyo komwe kumakula ndi liwiro kumasonyeza difu kapena mabering'i otha, ndipo kugunda posintha giya kumaloza ku shafuti kapena giyabokosi. Matayala akumbuyo otha kwambiri kuposa akutsogolo, difu yowotcherera, masipuling'i odulidwa ndi ekizozi yosinthidwa ndi zizindikiro zakuti galimoto inkaseweretsedwa, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi 350Z, E46 ndi 86. Wogula wachikulire amapindulanso akayesa kulowa ndi kutuluka kangapo, kumanga lamba, ndi kubwerera m'mbuyo pamalo opanikiza asanalipire.

M'mayiko oyenda kumanzere kwa msewu, monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, galimoto zambiri zogwirapo kale ntchito zimachokera ku Japan ndi ku Britain, komwe chiwongolero chimakhala kumanja, ndipo zimatsikira m'madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Wogula samaiona galimoto mpaka itafika, ndipo pamtengo wolengezedwa pamawonjezeka ndalama zonyamulira ndi msonkho, womwe ku Malawi umatengera zina mwa izo kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Kumenekunso coupe imakumana ndi vuto lina: mimba yake ndi yotsika, kotero imakhula pansi pa mahampu, m'maenje ndi m'misewu yafumbi yokumbika ndi mvula, ndipo matayala ake opyapyala m'mbali amaphulika msanga kuposa a galimoto wamba.