Namwino wa ku Machinga ndi Balaka: Kuyambira Masiku a Khate Kufikira a Kolera

Aliyense amene anakwerapo basi kuchoka ku Zomba kupita ku Balaka amaidziwa njirayo: Domasi, Malosa, zitunda za Machinga, kenaka kutsetserekera ku Liwonde kukaoloka Shire. Kale dera lonseli, kuyambira ku Nyanja ya Chilwa mpaka ku Rivirivi, linali boma limodzi lotchedwa Kasupe, ndipo pambuyo pake linatchedwa Machinga. Balaka anadzakhala boma lapalokha m'chaka cha 1998. M'nkhani ino ndifuna tione, aphunzitsi ndi ophunzira anzanga, m'mene ntchito ya unamwino yakhala ikusinthira m'maboma awiriwa. Mfundo yanga ndi imodzi: nthenda iliyonse yatsopano, ngakhalenso mankhwala alionse atsopano, zakhala zikumuonjezera namwino katundu amene poyamba sanali wake, koma manja onyamula katunduyo sanachuluke mofanana.

Tiyambire ku Utale, m'boma la Balaka. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901, anatsegula mishoni ya Utale mu 1908. Pofika zaka za m'ma 1930 malowa anali atatchuka chifukwa cha mudzi wa odwala khate, umene anthu amautcha Utale 2. Nawonso amishoni a UMCA anali ndi mudzi wotere ku Likwenu, kumalire a Machinga ndi Zomba. Masiku amenewo mankhwala enieni a khate kunalibe. Chimene chinalipo ndi mafuta a mtengo wa chaulmoogra, ochokera ku India, amene ankabayidwa m'khungu ndi jakisoni wowawa kwambiri, sabata ndi sabata, kwa zaka. Tsono ntchito yaikulu sinali ya dokotala ayi. Inali yotsuka zilonda za m'mapazi, kumanga mabandeji, kuchapa nsalu, ndi kuphunzitsa munthu amene zala zake zinachita dzanzi kuti asagwire mphika wotentha. Mabuku a mbiri amatchula ansembe ndi masisitere achizungu, koma Amalawi amene ankatsuka mabalawo m'mawa uliwonse, ena mwa iwo odwala anzawo omwe, maina awo sapezeka kawirikawiri. Komabe unamwino wa m'derali unayambira m'manja mwawo.

Cha m'ma 1950 kunabwera mapiritsi a dapsone. Wina angaganize kuti pamenepa ntchito inapepuka, popeza piritsi silifuna singano. Koma walira mvula walira matope. Ngati wodwala angathe kumwa mankhwala ali kwao, palibenso chifukwa chomusungira ku Utale. Koma ngati ali kwao, wina ayenera kumulondola. M'zaka za m'ma 1960 bungwe la LEPRA linayamba ntchito yotere m'Malawi, ndipo ogwira ntchito ake ankayenda pa njinga zakapalasa kukagawa mapiritsi pansi pa mitengo m'midzi, tsiku lake ndi nthawi yake. Mu 1981 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala azilandira mankhwala angapo pamodzi, rifampicin, dapsone ndi clofazimine, ndipo mu 1994 Malawi anafika poti odwala khate sakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Nthendayi sinatheretu, koma phunziro lake linatsala: chipatala chimene chingodikira odwala pakhomo chimapeza ochepa.

Nanga anamwino ophunzitsidwa bwino ankachokera kuti? Nthawi ya atsamunda zipatala za mishoni ndizo zinkaphunzitsa atsikana unamwino ndi uzamba wa gawo lotsika, pamene maudindo akuluakulu anali m'manja mwa azungu. Sukulu ya boma yophunzitsa anamwino a gawo lapamwamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe la Nurses and Midwives Council, limene limalemba m'kaundula aliyense woyenera kugwira ntchitoyi. Mu 1979 Kamuzu College of Nursing inakhala nthambi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kwa mwana wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene akufuna ntchitoyi lero, njira zazikulu ndi ziwiri: digiri ya zaka zinayi ku yunivesite, kapena dipuloma ya zaka zitatu ku makoleji monga St Luke's ku Malosa. Njira zonse ziwiri zimathera pa mayeso a bungwe lija, pakuti popanda chiphaso chake munthu saloledwa kugwira wodwala.

Koma chiphaso sichinena zonse zimene munthu akakumane nazo. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, ndipo cha Balaka chili m'tauni ya Balaka. Kutali ndi zimenezi kuli zipatala zazing'ono, kumene namwino amakhalanso mzamba, wogawa mankhwala ndi wolemba malipoti a mwezi. Nyumba yake imakhala pafupi ndi chipatala, motero ngakhale ataweruka, mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku amagogoda pa chitseko chake. Ngati mwana wagona mopingasa kapena magazi sakuleka, namwinoyo ndiye aganize msanga zoitana ambulansi, ndipo nyengo ya dzinja ayeneranso kuganizira ngati galimotoyo ithe kudutsa m'matope. Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa amayi. Cholinga chinali chabwino, chakuti amayi azichilira m'manja mwa anthu ophunzitsidwa, koma amayi onsewo anabwera kwa namwino yemwe uja.

Edzi ndiyo inayesa anamwino koposa. M'zaka za m'ma 1990 mawodi anadzaza mpaka odwala kugona pansi, ndipo ogwira ntchito m'chipatala nawonso ankadwala ndi kumwalira. Ena mwa anamwino odziwa ntchito anapita ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kumene malipiro anali ochuluka. Sitingawaweruze mopepuka, pakuti analinso ndi ana ofuna fizi. Mu 2004 boma linayamba ndondomeko yapadera yoonjezera ogwira ntchito zaumoyo, ndipo kuyambira 2005 malipiro awo anaonjezedwa ndi 52 peresenti, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi thumba la Global Fund. Chaka chomwecho cha 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere. Madokotala sakanakwanira, kotero kuti m'kupita kwa nthawi anamwino analoledwa kuyambitsa okha odwala mankhwalawa. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, ndipo malo ochitira zimenezi anali sikelo ya amayi, m'manja mwa namwino.

Namwino atalemedwa chotere, nayenso anayamba kutula zina kwa anzake. Alangizi a zaumoyo a m'midzi anayamba ngati obaya katemera wa nthomba, kenaka othandiza pa kolera nthendayi italowa m'dziko muno mu 1973. Kuyambira 2008 ambiri a iwo amachiza ana osakwana zaka zisanu malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba m'midzi momwemo. Ku Balaka kunabadwanso njira ina mu 2011, yotchedwa Chipatala cha pa Foni: mayi amaimba foni mwaulere nalandira malangizo a za mimba ndi za mwana asanaganize zoyenda ulendo wautali. Njirayi inayambira m'boma limodzi, kenaka inafalikira dziko lonse ndi kutengedwa ndi Unduna wa Zaumoyo.

Kolera sanaiwale dera lino. Asodzi a pa Nyanja ya Chilwa, amene amagona m'zimbowera pamwamba pa madzi, akhala akuvutika nayo kawirikawiri, ndipo mu 2016 anawalondola ndi katemera wakumwa mpaka m'nyanja momwemo. Mliri waukulu kuposa yonse unayamba m'mwezi wa Marichi 2022, pamene wodwala woyamba anatsimikizidwa pa chipatala cha Machinga, patangopita milungu yochepa namondwe Ana atasefukiritsa madzi m'chigawo cha kumwera. Pofika 2023 odwala anapitirira 58,000 ndipo omwalira anaposa 1,700 m'dziko lonse. Amene anaonapo msasa wa kolera amadziwa kuti mankhwala ake si ozizwitsa: bedi loboola pakati, ndowa pansi pake, madzi a kolorini, Thanzi, ndi diripi. Chimene chimapulumutsa munthu ndi dzanja lotha kupeza mtsempha pa mkono wa wodwala amene madzi amuthera m'thupi, ndi diso losagona loona kuti botolo latha. Pamenepa tabwerera ku Utale kuja: ntchito yaikulu ndi kusamala, ola ndi ola.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 2010 anamwino ambiri otsiriza maphunziro ankakhala kunyumba nthawi yaitali kudikira kuti boma liwalembe ntchito, pamene zipatala za kumidzi zinali ndi mipata yosadzazidwa. Apa zikuonetsa kuti vuto silinali kusowa kwa achinyamata ofuna ntchitoyi, koma ndalama zowalipira, nyumba zokhalamo ndi zipangizo.

Enanu muno mudzakhala m'maofesi okonza bajeti, ena mudzalemba mbiri ya dziko lino. Okonza bajetinu, pamene mukuvomereza ndondomeko yatsopano ya zaumoyo, dzafunseni kuti adzaigwire ndani pa chipatala chaching'ono pakati pa usiku. Olemba mbirinu, anamwino opuma pa ntchito amene anaona mawodi a m'ma 1990 akalipo ku Liwonde, ku Balaka ndi ku Ntaja. Pitani mukacheze nawo ndi kulemba zimene anaona, kuti asaiwalike monga anaiwalikira otsuka mabala a ku Utale.