Mbiri ya Nambala Yoyeza Kunjenjemera kwa Maatomu

Mu 1912, ku Munich, Max von Laue ndi anzake anawalitsa ma X-ray pa kristalo, ndipo pa filimu panatuluka timadontho tandondomeko. Koma maatomu sakhazikika, kutentha kumawanjenjemeretsa. Nanga timadonthoto sitinafufutike bwanji? Peter Debye anawerengetsera mu 1913 n'kupeza kuti kunjenjemerako sikumwaza timadontho, kumangochepetsa mphamvu yake. Ivar Waller wa ku Sweden anawongola masamuwo mu 1923. Kumeneko n'kumene kunachokera nambala imene lero akatswiri a mapuloteni amaitcha B-factor.

Kwa zaka zambiri nambalayi sinkalabadiridwa kwenikweni. John Kendrew atatulutsa maonekedwe a puloteni yotchedwa myoglobin ku Cambridge mu 1958, anthu anazolowera kuona puloteni ngati chiboliboli chosagwedezeka. Zithunzi zooneka bwino zitabwera, panabuka funso: myoglobin imasunga okosijeni mkati mwake, komatu khomo lolowera silinkaoneka. Kuti mpweyawo udutse, puloteniyo iyenera kusuntha.

Mu 1979 Hans Frauenfelder, Gregory Petsko ndi Demetrius Tsernoglou anayeza myoglobin pa kutentha kosiyanasiyana, nasonyeza kuti nambala za B zimaloza mbali zimene zimagwedezeka. Chaka chomwecho gulu la David Phillips ku Oxford linaona zofanana pa puloteni ina yotchedwa lysozyme.

B ikafika pa 80, ndiye kuti atomu imasuntha pafupifupi angstrom imodzi kuchoka pamalo pake. Si pang'ono ayi, poti maatomu awiri a kaboni olumikizana amatalikirana angstrom imodzi ndi theka yokha. Nambala zotere zimapezeka kawirikawiri kunja kwa puloteni ndi kumapeto kwa tcheni chake, pomwe mkati mothinana muli nambala zazing'ono.

Vuto ndi loti nambala yaikulu siulula chimene chaikweza. Mwina atomuyo ikusunthadi, mwina mamolekyu sanafole mofanana mu kristalo, mwinanso wofufuza anaika atomu pamalo olakwika, kompyuta n'kukweza B pofuna kubisa cholakwacho. Makristalo ambiri masiku ano amayezedwa ataziziritsidwa kufika pa 100 K, kotero kuloza chala kutentha kokha n'kufulumira.

Chisokonezo china chabwera ndi AlphaFold, pulogalamu yolosera maonekedwe a mapuloteni. M'mafayilo ake, mzere wa B mumalembedwa nambala ya pLDDT, yoyambira pa 0 mpaka 100, ndipo mosiyana ndi B yeniyeni, ikakwera ndiye kuti pulogalamuyo ili ndi chikhulupiriro pa malo a atomuyo.