Luso la Manja Awiri

Tayesani izi, owerenga: dzanja lamanja limenye pabondo katatu, pamene lamanzere likumenya kawiri panthawi yomweyo. Ambirife sitifika patali. Dzanja lina limayamba kutsata linzake, ana n'kumatiseka. Komatu cimene cikutikanikaci ndico makolo athu kuno ku Malowera ankaphunzitsa ana awo.

Dziko lino la Maravia linali pakati pa ufumu wa Undi, amene likulu lake linali ku Mano. Pamaliro ndi pacinamwali pankalira ng'oma zingapo pamodzi, iliyonse ndi kaliridwe kake. Ena ankagwira kaimbidwe kamodzi osasintha, pamene woimba mbalule maso ake ali pamapazi a cilombo, manja akuyankha pomwe caponda. Amayi ankaomba m'manja mwina, pakamwa akuimba mwina. Makanja akatulukira, miyendo yaitali kuposa munthu, ng'oma ikaphonya pang'ono gule ankawonongeka.

Luso lomweli linali pamtondo. Atsikana awiri kapena atatu ankasinja pamodzi, misi osagundana. Wodziwa ankaponya munsi m'mwamba, kuomba m'manja, n'kuuwakha nyimbo ili mkati. Cinsinsi cake n'cakuti dzanja limodzi liyenera kuzolowera nchito yake mpaka mutu kuleka kuliganizira. Apo m'pamene linzake limamasuka. Izi sizibwera tsiku limodzi, ndipo sizilembeka papepala.

M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire amene anagawa Acewa. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia. Amishoni ambiri ankaletsa akhristu awo kupita kubwalo. Nkhondo imene inatha mu 1992 inabalalitsa midzi, ena n'kukakhala kumsasa wa Ukwimi ku Petauke. Anthu anasiya nkhokwe ndi ziweto, koma luso linapita nawo, pakuti linali m'manja mwawo. Ndiye cifukwa cake pa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti, anthu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amamvana ng'oma popanda womasulira. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ngati cuma ca maiko onse atatu.

Koma cimene malire ndi nkhondo zinalephera, ulesi wathu ungacikwanitse. Cigayo catontholetsa mtondo, ndipo paukwati masipika atenga malo a ng'oma. Cigayo n'cabwino, capeputsa amayi. Funso n'lakuti mwana aphunzirira kuti kugawa manja ake pawiri. Woimba mbalule akamwalira asanaphunzitse wina, dzina la ng'oma limatsala, koma kaimbidwe kamapita naye kumanda.

Conco agogo akagwira ng'oma madzulo, musathamangitse ana. Muwasiye akhale pafupi, amenye mabondo, alakwitse, ayambirenso.