Msika wa Songani, mwana wa phiri ndi nyanja

Woyenda pa msewu wa M3 kuchokera ku Zomba kulowera ku Liwonde sangalephere kudutsa pa Songani. Minibasi ikangoima, amayi amathamangira m'mawindo ndi mabeseni a nthochi, tomato ndi chinangwa, kenako ulendo n'kupitirira. Kwa apaulendo, pamenepa ndi pokwerera ndi potsikira basi. Kwa ife amene tinakulira m'midzi ya kwa Malemia, mpamene zakuphiri zimakumana ndi zakunyanja. Kumadzulo kwaima mapiri a Zomba ndi Malosa, kum'mawa, kuseri kwa madambo a mpunga, kwagona nyanja ya Chilwa. Msikawu unamera pakati pa ziwirizi, ndipo zonse zimene zauchitikira zinayambira kumtunda kapena kumadzi.

Malonda a dera lino ndi akale kuposa ndalama. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere. Anyanja a m'mphepete mwake ankakokola dothi lamchere, kulitcheza ndi madzi, n'kuphika madziwo mpaka mchere utatsalira mumphika. Mcherewo, pamodzi ndi nsomba zouma, ankasinthanitsa ndi mapira ndi makasu a anthu akumtunda. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859, anapeza dziko la anthu olima ndi ochita malonda kale. M'zaka za m'ma 1860 kunabwera Ayao, ndi nsalu ndi mikanda yochokera kugombe la nyanja yaikulu ya mchere. Njira zomwezo zinkanyamulanso minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, ndipo ichi sitiyenera kuchibisa pofotokoza mbiri ya malonda kwathu.

Ndalama zinalowa ndi azungu. Mishoni ya Domasi inakhazikitsidwa mu 1884, ndipo mu 1891 Zomba inakhala likulu la boma la atsamunda. Boma litalamula msonkho wa nyumba, munthu wakumudzi anakakamizika kupeza mashiling'i. Amene sanafune kukagwira thangata anayamba kugulitsa chimene anali nacho: matemba, mpunga, nkhuku, mphasa. Ogula analipo, akalaliki a m'maofesi, asilikali a atsamunda a KAR ndi aphunzitsi a mishoni. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi nawo anafika ndi zakudya zawo monga kalongonda. Motero malo a m'mbali mwa msewu ngati Songani anasanduka pokumana anthu olankhula Chiyao, Chinyanja ndi Chilomwe.

Ine msikawu ndinaudziwa m'zaka za m'ma 1980, nditagwira nsonga ya chitenje cha anganga. Tinkanyamuka mame asanakamuke, iwo atasenza dengu la nandolo kapena mbatata, ine nditanyamula botolo la palafini lotseka ndi chitsononkho. Ngakhale kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, anganga ankawerengabe mwakale. Teni tambala kwa iwo inali shiling'i, ndipo makwacha awiri anali paundi. Ndalamazo ankazimanga pamfundo ya mpango, ndipo mfundoyo sinkamasulidwa pagulu.

Kugula kwawo kunali ndi dongosolo losasintha. Choyamba agulitse zawo. Kenako mchere, sopo wamtanda, machesi ndi palafini, zinthu zimene munda sungabale. Ndiwo zinkabwera pomaliza, ndipo kunsomba ndiko ankakhalitsa. Ogulitsa ankafika panjinga kuchokera kumadoko monga Kachulu, mitanga itadzaza matemba ouma, makumba ndi milamba yowamba yakuda bii. Anganga ankayamba ndi moni, kufunsa za ana ndi za odwala, nkhani ya mtengo pambuyo. Ankatola temba limodzi, kulinunkhiza, kulithyola kuti aone ngati lauma bwino.

"Achimwene, mulu umenewu ndi wa ana angati? Kwathu kuli adzukulu asanu."

"Anganga, nyanja yavuta. Koma inu ndinu athu."

Dzanja linkabwerera mumtanga n'kuwonjezera basela. Baselayo sinali mphatso wamba. Inali lonjezo lakuti sabata yamawa tidzabweranso pa benchi lomweli, ndipo tsiku limene mfundo ya mpango idzakhale yopanda kanthu, tidzatenga pangongole popanda kulemba paliponse. Ine malipiro anga onyamula katundu anali chitumbuwa chimodzi ndi chipanda cha thobwa.

Anganga ankadziwa mmene nyanja ilili osapondako, pongoyang'ana kukula kwa mulu wa matemba. Mulu ukachepa mtengo uli womwewo, ankapukusa mutu n'kuyamba nkhani ya 1968, chaka chimene Chilwa inaphwa. Ankasimba za anthu oyenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, ndi za asodzi amene anasiya zimbowera zawo, tinyumba toyandama ta m'mabango tija, n'kukasaka maganyu kumtunda. Ndili mwana ndinkaitenga ngati nthano. Mu 1995 ndinaona ndi maso anga. Nyanja inaphwanso, mabenchi a nsomba anatsala mbee, ndipo zochepa zimene zinkapezeka zinali usipa wa ku Mangochi pamtengo woboola m'thumba. Mavuto sanathere kwa asodzi okha. Wogulitsa tomato, telala ndi wokonza njinga onse anasowa ogula, pakuti ndalama yoyendetsa msika inkachokera kumadzi. M'zaka zabwino nyanjayi yakhala ikupereka nsomba zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Chaka cha 1995 chija mabanja ambiri, lathu lomwe, anadya chifukwa cha maubale aja a moni ndi basela.

Malamulo a boma nawo anasintha nkhope ya msika. M'zaka za m'ma 1970 amwenye anachotsedwa m'malo amalonda akumidzi n'kutsala m'mizinda ikuluikulu, ndipo magolosale awo anagwera m'manja mwa Amalawi. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Zomba inataya ogula ambiri, ngakhale Chancellor College, asilikali ndi apolisi anatsala. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula mbewu za alimi, mpaka mu 1987 pamene amalonda wamba nawonso analoledwa kugula. Mavenda a masikelo anadzaza m'mbali mwa msewu, kuyembekezera mpunga wa Faya wochokera m'masikimu a Domasi ndi Likangala. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mphamvu yake, mitengo inathamanga, tambala inasowa ntchito, ndipo kaunjika anagonjetsa matelala a pakhonde.

Lero pa Songani pali akabaza, njinga zamoto ndi tizikwangwani ta Mpamba ndi Airtel Money. Zimenezi sizindidetsa nkhawa, chifukwa msika wamoyo umasintha. Chimene chimandipweteka mtima ndi matumba a makala otsika kuphiri tsiku ndi tsiku. Mtengo ukagwa ku Malosa, dothi limatsika ndi mtsinje wa Domasi kukakwirira nyanja imene ndi yosaya kale. Chilwa inalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, koma mu 2012 inachepa kwambiri ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Wowotcha makala si mdani, nayenso akufuna mchere ndi sopo. Komabe thumba limene wagulitsa lero likuchepetsa mulu wa matemba umene mkazi wake adzagule chaka chamawa. Ngati tikufuna kuti adzukulu athu adzapeze nsomba pa Songani, ntchito ili kumtunda: kubzala mitengo m'magwero a mitsinje, kuleka kulima mpaka m'mphepete mwa madzi, kulemekeza nyengo yotseka nyanja, ndi kupezera anyamata a m'phiri njira ina yopezera ndalama.