Mbiri ya Ntcheu yobisika m'mapale

Mukafunsa za mbiri ya Kandeu ndi madera ena a kwa Ganya, ambiri amayambira pa Angoni a Maseko omwe adakhazikika ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1800. Komatu Angoniwo adapeza dziko lili kale ndi mabwinja. Alimi akamagalauza minda amafukula mapale, ndipo ena mwa mapalewo ndi a anthu omwe adakhala kuno zaka mazanamazana Angoni asadabwere.

Ntchito yofufuza zakalezi idalimba boma litakhazikitsa nthambi yosunga zinthu zamakedzana mu 1967. Mmodzi mwa akatswiri oyamba anali Keith Robinson, yemwe adayenda m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire akukumba pamabwinja. Iye adaona kuti anthu a nyengo iliyonse anali ndi kaumbidwe kawokawo, tsono mtundu uliwonse wa mbiya unkatchedwa dzina la malo omwe udapezeka koyamba.

Zakale kwambiri ndi mbiya za Nkope, dzina lochokera kugombe la Nkope ku Mangochi. Ndi zochindikala, za milomo yokhuthala ndi yocholedwa. Eni ake ndi alimi oyamba omwe adafika kuno cha m'ma 300, akudziwa kusungunula chitsulo m'ng'anjo. Adapezamo alenje aja makolo amawatchula kuti Akafula, omwe zojambula zawo zofiira zikadalipo m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, malo omwe bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wake mu 2006.

Pambuyo pake padabwera mbiya za Kapeni, ndipo apa ndi pomwe Ntcheu idalowa m'mabuku, chifukwa dzinali ndi la phiri la Kapeni m'boma lino. Mbiyazi ndi za zaka pafupifupi 1,000 zapitazo ndipo kakongoletsedwe kake ndi kosiyana ndi ka Nkope. Kenako padafala za Mawudzu, zopyapyala ndi zosachulukitsa zocholachola, zomwe akatswiri amati ndi za Amaravi.

Kumpoto kwa Kandeu, ku Mtakataka, kuli Mankhamba, likulu lakale la mafumu a Kalonga pafupi ndi mtsinje wa Nadzipulu. Kumeneko Yusuf Juwayeyi adakumba ndi kupeza mapale ambiri a Mawudzu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale zadothi za ku China, zinthu zamkuwa ndi zibangili za minyanga ya njovu. Umboni wake ukuonetsa kuti anthu anali atakhazikika pamalopo m'zaka za m'ma 1400. Adasindikiza zonsezi m'buku la mu 2020, momwe adaziika pambali pa zomwe akuluakulu amasimba pakamwa. M'Malawi mulibe migodi ikuluikulu ya mkuwa, choncho katunduyu akusonyeza kuti Amaravi ankachita malonda ndi maiko akutali.

Manda nawo adaulula zawo. Ku Nkhudzi ku Mangochi, Ray Inskeep adafufuza manda akale ndi kulemba zomwe adapeza mu 1965. Akufa ankaikidwa pamodzi ndi miphika, mikanda ndi zida zachitsulo. Mbiya za pamandapo zidapatsa dzina mtundu wa Nkhudzi, wa m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, nthawi yomwe malonda a minyanga ndi akapolo adafika pachimake.

Zaka zonsezi sizidziwika poyang'ana phale lokha. Wofufuza amakumba pang'onopang'ono, kusefa dothi ndi kulemba kuya kwa chilichonse chomwe wapeza. Makala omwe ali pamodzi ndi mapale amatumizidwa kukapimidwa, ndipo ndiwo amanena zaka. Phale likachotsedwa pamalo pake, mbiri yake yambiri imatayika. N'chifukwa chake woumba njerwa kapena wokumba chitsime akapeza mbiya yathunthu, mafupa kapena ng'anjo, ndi bwino asiye kukumba, auze amfumu, uthenga ukafike kwa oona za zinthu zamakedzana.