Msasa, dindiro ndi tenti: mawu a anthu ogona kutchire

Kwathu ku Chisemphere munthu sagona panja popanda chifukwa. Fodya akayamba kuuma m'chigafa, cha mu Malichi ndi Epulo, bambo amanyamula mphasa ndi bulangeti n'kukagona komweko, kunsi kwa mikangala, kuopa akuba. Moto sakoleza pafupi ngakhale kuzizire bwanji, poti kambaliwali kamodzi kangathe kupsereza thukuta la chaka chathunthu. Ine ndinagonamo ndili mnyamata, ndipo fungo la fodya wouma linkakhala m'malaya sabata yonse.

N'chifukwa chake zinandigwira mtima nditamva za anthu a ku America amene amayenda mitunda yaitali kuti akagone kutchire mwa kufuna kwawo, m'mphepete mwa Grand Canyon ku Arizona. Chigwa chimenechi anachikumba ndi mtsinje wa Colorado; m'litali ndi makilomita 446, ndipo kuya kwake kumapitirira kilomita imodzi ndi theka. Alendo ambiri amagona m'malo okonzedwa, olipira, okhala ndi mipopi ndi zimbudzi. Ena amalowa m'nkhalango ya boma ya Kaibab n'kukhoma tenti paokha, kopanda madzi, kopanda mlonda, kwaulere. Eni ake amati dispersed camping, ndipo lamulo lake n'lakuti usapitirire masiku 14 pamalo amodzi.

Chichewa chilibe liwu limodzi la mchitidwe umenewu, koma mawu a kugona kutchire tili nawo ambiri, ndipo lililonse limanena ntchito imene yakugonetsa kumeneko. Msasa ndiwo mawu aakulu. Umadula nthambi, kuzizika mozungulira, kuphimba ndi udzu kapena masamba, khomo n'kuliloza kumbali yosachokera mphepo. Ankamanga misasa ndi alenje, asodzi ndi amtengatenga, ndipo aliyense ankadziwa kuti mawa kapena mkuja auchokamo. Mawuwa anakula mpaka lero timati msasa wa asilikali, msasa wa Dzaleka ku Dowa, kumene othawa nkhondo akhala kuyambira 1994. Pamenepa liwuli limandipweteka, chifukwa msasa sunayenere kukhala mudzi wobadwiramo ana n'kukuliramo.

Dindiro ndi lina. Limachokera ku kulinda, ndipo limamangidwa m'munda kuti uthamangitse nguluwe usiku ndi anyani masana. Likakhala pamwamba pa mitengo, ndiye nsanja. Chigono ndi pamene waulendo wagona dzuwa litamulowera, ndipo akale ankayeza kutalika kwa ulendo powerenga zigono. Chakudya cha panjira ndi kamba: chimanga chokazinga, mbatata yootcha, mtedza. Chihema timachimva kwambiri m'Baibulo. Tenti ndi ya masiku ano, ndipo ambiri timaidziwira pamaliro ndi paukwati, osati pogona.

Mawu a malowo nawonso amafuna kusamala. Kasungu ndi dziko lathyathyathya, choncho mwana wa kuno amadziwa dambo ndi chigwembe, chija chimene madzi amvula amang'amba m'munda wopanda akalozera. Chigwa n'chotakasuka, munthu amalimamo. Phompho ndi pamene nthaka yathera mwadzidzidzi, ukasuzumira miyendo n'kuyamba kunjenjemera. Wofuna kulimvetsa liwuli akwere msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia, akaime pa mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita oposa 100. Kumeneko kuli malo amene alendo amakhoma matenti pamlomo pa phompho, nyanja ikuoneka pansi, koma ndi malo olipira, okhala ndi eni ake. Chipululu chenicheni tilibe. Chapafupi chokhala ndi chigwa chonga Grand Canyon chili ku Namibia, ku Fish River Canyon, kumene oyenda pansi amagona pamchenga paliponse pamene dzuwa lawalowera, ndipo amaloledwa m'miyezi yozizira yokha.

Malamulo a anthu a ku America ogona paokha aja ndimawalemekeza. Akuti uchoke ngati sunafikepo. Zinyalala zonse ubwerere nazo. Ukafuna kudzithandiza, ukumbe kadzenje kakuya masentimita 15 kapena 20, pamtunda wa mamita 60 kuchokera pamadzi, ukatha ukwirire. Moto uuthire madzi, utakase phulusa, uligwire ndi dzanja kuti utsimikize kuti lazizira. Agogo sankawerenga mamita, koma ankakana kumanga msasa pa njira ya nyama kapena pafupi ndi pamene zimamwera, ndipo wosiya chikuni chikufuka ankamudzudzula, chifukwa lupsa la mu Okutobala silisankha munda.

Pamene tasiyana ndi pa nkhani ya mwini malo. Ku America kuli nthaka yaikulu ya boma imene aliyense angagonepo osauza munthu. Kuno tchire lililonse lili ndi mwini. Kumadzulo kwathu kuli nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, ya masikweya kilomita oposa 2,300, imene inakhala paki mu 1970. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Mmenemo sugona pamene wafuna. Umapita ku Lifupa, ndipo ukafuna kuyenda pansi umatsagana ndi mlonda wa mfuti. Kunja kwa pakiyo, nthaka ndi ya mafumu, ya mabanja kapena ya maesiteti, ndiye mlendo amayamba waodira kwa a nyakwawa, kunena kumene wachokera ndi masiku amene akhale. Kawirikawiri amamulozera pabwalo pawo pomwepo, n'kumutumizira madzi osamba.

Wosafunsa amalakwitsa mosavuta. M'dera la fodya mitengo yambiri inapita ku zigafa ndi kumabalani, moti ukaona kankhalango kowirira pakati pa minda, ka mthunzi wabwino woti n'kukhomapo tenti, nthawi zambiri amakhala manda. M'midzi ya Achewa pangakhalenso dambwe, ndipo wosavinidwa salowamo.