Mizu ya Chalichi Chachikulu cha ku Lusaka Ili Kumudzi



Titatha kukolola chaka chino ndinapita ku Lusaka kukaona mwana wanga, ndipo ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka 14 amene anali asanaonepo mzinda waukulu. Tinayenda tsiku lonse pa msewu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, mpaka kutsika pa Intercity dzuwa litalowa. M'mawa mwake ndinati kwa iye, tiye tiyende pansi ukaone nyumba zopemphereramo za mumzinda muno. Ndinaphunzitsa mbiri yakale kusukulu zaka zambiri, ndipo mphunzitsi ngakhale apume ntchito, pakamwa sipapuma.

Tinayambira pa Cairo Road. Ndinamuuza kuti Lusaka sunali likulu kuyambira kale. Boma la atsamunda linali ku Livingstone, ndipo linasamukira kuno mu 1935. Masiku amenewo munthu wakuda sanali kulowa m'masitolo ambiri a pamsewu umenewu. Anali kuima panja, kugula nyama kapena shuga kudzera pa kazenera ka pambali, azungu akulowa pakhomo. Mnyamatayo anayang'ana anthu odzaza m'masitolo, osakhulupirira.

Kuchokera pamenepo tinakwera Church Road. Tinadutsa chalichi cha Trinity cha mpingo wa UCZ, mpingo umene unabadwa mu January 1965 pamene mipingo ingapo inagwirizana kukhala umodzi. Tinapatuka pang'ono kukaona St Ignatius, chalichi cha Akatolika chimene ansembe a chipani cha Ajezuiti atumikiramo. Ndinamuuzanso za mizikiti ya Asilamu ndi kachisi wa Ahindu chakufupi ndi Kamwala, kumene amwenye ambiri anakhazikika ndi malonda awo, ndi za Cathedral of the Child Jesus imene Akatolika anamanga pabwalo pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachitira Misa mu May 1989. Anthu onsewa akhala mumzinda umodzi, aliyense apemphera kwake popanda kuponyerana miyala. Ichi n'chuma cha dziko lathu chimene tisachione mopepuka.

Pomaliza tinafika pamtunda paja, pafupi ndi khoti lalikulu, pamene paima Cathedral of the Holy Cross, chalichi chachikulu cha ife a Anglikani. Titalowa, mwana uja anangoti kukamwa yasa. Denga lili kutali ngati mtambo, ndipo dzuwa likalowa kudzera m'magalasi ofiira, obiriwira ndi achikasu, pansi ponse pachita mawangamawanga. Kenaka ananong'ona kuti, "Agogo, kuno ndiye kuli Mulungu. Kwathu kuja tipemphera m'khola chabe."

Mawu amenewa anandilasa mumtima. Sindinamukalipire, chifukwa ndidziwa kuti si iye yekha aganiza chotero. Achinyamata athu ambiri, ngakhale akulu ena, achita manyazi ndi kachalichi kathu ka njerwa zosaotcha ndi malata odontha. Choncho tinakhala pa benchi la kumbuyo, ndipo ndinamufotokozera kumene nyumba imeneyi inachokera. Zomwezo ndifuna kukuuzani lero.

Nkhani iyamba mu December 1857, pamene David Livingstone analankhula kwa ophunzira a ku Cambridge ku England, kuwapempha kuti abwere ku Africa ndi Uthenga Wabwino ndi kuthandiza kuthetsa malonda a akapolo. Kuchokera m'pempho limeneli munabadwa bungwe la UMCA. Bishopu wawo woyamba, Charles Mackenzie, anafika ku Magomero m'dziko limene lero ndi Malawi mu 1861, koma malungo anamutenga chaka chotsatira. Ntchito inaoneka ngati yafera m'mazira. Amishoni anasamukira ku Zanzibar, ndipo patapita zaka zoposa makumi awiri ndi pamene anakhazikika pa chilumba cha Likoma, pa nyanja ya Malawi.

Dayosizi ya dziko lathu lino, limene linali kutchedwa Northern Rhodesia, inakhazikitsidwa mu 1910, ndipo bishopu woyamba anali John Edward Hine. Analibe chalichi chachikulu. Anali kuyenda mitunda italiitali wapansi, kufunafuna malo oyambitsa mishoni. Mizati ya mpingo wathu inazikidwa kumidzi: ku Mapanza pakati pa Atonga, ku Chipili kumpoto, ku Fiwila pambuyo pake, ndi kuno kum'mawa ku Msoro pakati pa Akunda.

Tsono mverani bwino apa. Amene anayambitsa ntchito ku Msoro sanali mzungu. Anali Bambo Leonard Kamungu, Mchewa wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, munthu wolankhula chinenero chomwechi ndilankhula nanu. Anaphunzira ku Zanzibar, anadzozedwa unsembe mu 1909, ndipo posakhalitsa anasiya kwawo kunyanja kudza m'chigwa chotentha cha Luangwa. Kunalibe msewu, kunalibe chipatala. Anayenda m'midzi kulalikira, kutsegula timasukulu, kukonzekeretsa anthu ubatizo. Nyumba zopemphereramo za masiku amenewo zinali za mitengo, dothi ndi udzu, amuna akudula milimo, amayi akutunga madzi ndi kumata. Bambo Kamungu anamwalira ku Msoro mu February 1913, atatumikira zaka zowerengeka chabe. Sanaone chalichi cha ku Lusaka, ngakhale mzinda wa Lusaka umene tiudziwa lero panalibe. Koma mbewu imene anafesa sinafe.

Panapita zaka zoposa makumi anayi mpingo ukukula kumidzi ndi kumigodi, usanamange nyumba yaikulu kulikulu. Ntchito imeneyi inachitika m'nthawi ya Bishopu Oliver Green-Wilkinson, amene anayamba udindo wake mu 1951. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1957 ndi Mfumukazi Elizabeth, amayi ake a Elizabeth Wachiwiri, patatha zaka 100 chilankhulire Livingstone ku Cambridge. Nyumbayo inatsegulidwa pa 14 September 1962, tsiku limene mpingo ukumbukira Mtanda Woyera. Kumbukirani kuti amenewo anali masiku a Federation, tsankho lili pachimake. Bishopuyo anadziwika ndi kutsutsa tsankho, ndipo m'nyumba imeneyi wakuda ndi woyera anayenera kugwada pa guwa limodzi ndi kumwera chikho chimodzi. Patangopita zaka ziwiri, pa 24 October 1964, dziko linalandira ufulu. Chaka chomwecho Filemon Mataka anakhala bishopu woyamba wakuda wa Anglikani m'dziko muno, ndipo Green-Wilkinson atamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1970, ndiye anakhala Bishopu wa Lusaka.

Tsiku limene nyumba imeneyi inatumikira dziko koposa, mwa kuona kwanga, linafika mu 1991. Amene muli ndi imvi mukumbukira. Mu June 1990 mtengo wa unga utakwera, ku Lusaka kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Chaka chotsatira UNIP ndi MMD anali kukangana za malamulo oyendetsera dziko, ndipo ife kumidzi tinali kumvetsera wailesi mitima ili m'mwamba, poti tinali kuona othawa nkhondo ochokera ku Mozambique akukhala pakati pathu. Mu July 1991 atsogoleri a mipingo anakumanitsa a Kenneth Kaunda ndi a Frederick Chiluba m'chalichi chomwechi. Anamvana, masankho anachitika pa 31 October, ndipo a Kaunda atagonja anapereka mpando mwamtendere. Patapita zaka 30, mu July 2021, thupi la a Kaunda linalowa m'nyumba yomweyo kudzapemphereredwa lisanaikidwe ku Embassy Park. Koma chimene chinayanjanitsa akuluakulu aja si kutalika kwa denga ayi. Anamvera mpingo chifukwa anadziwa kuti kumbuyo kwa abusa ndi mabishopu kunali anthu miyandamiyanda opemphera m'timachalichi ta m'midzi ndi m'makomboni.

Nditamaliza ndinamufunsa mdzukulu wanga kuti, pakati pa mtengo wa mango ndi mizu yake, chinayamba n'chiti? Anaseka nati mizu. Ndinati, tsono chimene watcha khola chija ndicho muzu wa nyumba ino. Ndipo taona, kuyambira 1995 ife a kum'mawa tili ndi dayosizi yathu, ndipo mpando wa bishopu wathu uli ku St Luke's ku Msoro, kumudzi komwe kuja Bambo Kamungu anayambira.

Abale anga, mukapita kunyumba mukawerenge kalata yoyamba ya Petro, mutu 2. Mtumwi atiphunzitsa kumeneko kuti nyumba imene Mulungu amanga, miyala yake ndi anthu. Mukapeza mwayi wofika ku Lusaka, kaoneni chalichi chachikulu chija, lowani mopanda mantha, ndi chanu. Koma pobwerako musadzanyoze kwanu. Mulungu amene amva pemphero pansi pa magalasi okongola ndi yemweyo amva amayi a Mothers' Union akamaimba pansi pa mtengo wa mkuyu.

Izi sizitanthauza kuti tisiye nyumba yake idzigwa. Mvula ili pafupi, ndipo m'machalichi ambiri muno malata adontha, chiswe chadya mitanda. Makolo athu sanadikire munthu wochokera kutali kuti awamangire. Mutu umodzi susenza denga. Wina abweretse thini ya nshawa, wina aumbe njerwa, wina apereke tsiku limodzi la manja ake. Mdzukulu wanga uja Loweruka lapita ndinamupeza ali pamwamba pa makwerero, akupatsira misomali anyamata okhoma denga. Sananene kanthu, nanenso sindinanene kanthu.

Tipemphere. Atate wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha Bambo Kamungu ndi onse amene anatifikitsira Mawu anu akuyenda wapansi. Sungani mtendere m'dziko lathu la Zambia. Dalitsani nyumba zanu zonse, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo mutipatse mtima wozisamala. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.